Kuyenda ndi Namulondola pa Mtsinje wa Kafue: Mafunso ndi Mayankho

Mawu Oyamba

Anthu ambiri amene amayenda pa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kulinga ku Chirundu kapena ku Livingstone amawoloka mtsinje wa Kafue ali m'basi, nasuzumira pawindo kamphindi kochepa, nayesa kuti auona. Koma mtsinje umene umamwetsa likulu la dziko la Zambia usana ndi kuliunikira usiku suyenera kuonedwa mothamanga chotero, pakuti akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono kabuku kano talembera iwo amene ali ndi maola awiri kapena atatu okha, amene afuna kutsika m'basi, kubwereka boti lawolawo ndi munthu wodziwa malowa, ndi kuuona mtsinjewo maso ndi maso.

1. Kodi ku Kafue kuli doko, popeza Zambia ndi dziko lopanda nyanja yamchere?

Doko la zombo zikuluzikulu kulibe, pakuti doko lenileni la Zambia lili kutali kumpoto, ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika. Koma ngati doko ndi malo amene madzi ndi mtunda zimapatsana moni, pamene asodzi amakocheza mabwato m'mamawa ndipo amayi ogula nsomba amawadikira ndi mabeseni, ndiye kuti Kafue ali ndi madoko ake, ngakhale ang'onoang'ono. Tawuni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa Lusaka, pa kachigawo kouma kamene kali pakati pa mapiri a miyala ndi mtsinje, pamalo pamene chidambo chachikulu cha Kafue Flats chimathera ndipo madzi amayamba kupanikizika polowa m'mapiri. Mtsinjewo ndi wautali makilomita pafupifupi 1,600, ndipo mwa mitsinje yonse imene imayambira ndi kuthera m'dziko la Zambia momwemo palibe woupambana kutalika.

2. Nanga ulendo wa pawekha umasiyana bwanji ndi wa gulu?

Pa ulendo wa gulu, boti limanyamuka nthawi imene mwini wake waika, lidzera kumene linadzera dzulo, ndipo nyimbo za pa wailesi zimaphimba kulira kwa mbalame. Koma mukabwereka boti inu nokha, kaya ndi banja lanu, kaya ndi anzanu atatu kapena anayi, mawu anu ndiwo amatembenuza chiwongolero, kotero kuti agogo akafuna kuti muime pansi pa mlatho akumbukire sitima imene anakwera ali mnyamata, mudzaima, ndipo mwana akafunsa dzina la mbalame, padzakhala womuyankha. Maboti a injini amapezeka kumalo ogona alendo amene ali m'mbali mwa mtsinje, ndipo ndi nzeru kupangana nawo tsiku lisanafike, makamaka Loweruka ndi Lamulungu pamene anthu a ku Lusaka amachuluka.

3. Ndili ndi maso anga. Namulondola adzandipindulira chiyani?

Maso a mlendo amaona madzi ndi bango basi, koma maso a mwana wa pamalopo amaona njira. Iye adziwa dziwe limene mvuu zimagonamo, adziwa pamene ukonde wa msodzi watcheredwa kuti injini isaudule, adziwanso kuti mphepo ikatembenuka masana madzi adzawinduka mbali iti. Koposa apo, namulondola wabwino amanyamula mbiri ya kwawo pakamwa, ndipo zimene adzakuuzani mu ola limodzi simukanazitola ngakhale mutayenda nokha mlungu wamphumphu. Safunsa anadya phula: mufunseni kwawo, zaka zimene wakhala pa madzi, ndi zilankhulo zimene amalankhula, pakuti ku Kafue Chinyanja chimamveka ponseponse, pamodzi ndi Chitonga, Chibemba ndi Chingerezi.

4. Pa maola ochepawo tidzaona chiyani choyenera ulendo?

Choyamba muone milatho iwiri, pakuti mbiri ya tawuniyi yagona pa iyo. Mlatho wa njanji unamangidwa m'chaka cha 1906, pamene njanji yochokera ku Livingstone inali kukankhidwira kumpoto kulinga ku migodi ya Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Ndi wautali mamita 427, uli ndi zigawo 13 za zitsulo zokhazikika pa mizati, ndipo m'masiku amenewo unali wautali koposa milatho yonse ya njanjiyo. Wodutsa pamwamba pake m'sitima saona kanthu koma zitsulo zothamangira kumbuyo. Koma boti likazimitsa injini pansi pake, mukakweza maso ndi kuona misomali yazitsulo yoti ndanda, uliwonse wokhomedwa ndi dzanja la munthu, ndi mizere imene madzi osefukira a zaka zambiri anasiya pa mizati, pamenepo mudzazindikira thukuta la makolo amene ananyamula zitsulozo, amene mayina awo sanalembedwe pa mwala uliwonse.

Makilomita angapo kumunsi kuli mlatho wa galimoto, ndipo nawonso uli ndi mbiri yodabwitsa. Woyamba unaikidwa m'chaka cha 1949 ndi ndalama za bungwe la Beit Trust, ndipo zitsulo zake zinayamba zagwira ntchito pa mtsinje wa Thames mu mzinda wa London m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zisanaphwasulidwe ndi kutumizidwa kuno. Umene magalimoto akuwolokerapo lero unatha kumangidwa m'chaka cha 1993 ndi thandizo la dziko la Japan. Kutsidya kwake msewu umagawika pawiri, wina kulinga ku Mazabuka ndi Livingstone, wina ku Chirundu ndi Zimbabwe, kotero kuti katundu wambiri wolowa m'dzikoli kuchokera kummwera amadzera pa khomo limodzi lomweli. Namulondola wodziwa mbiri adzakulozeraninso mapiri a kummawa, m'dera limene David Livingstone anawolokera mtsinjewu kumapeto kwa chaka cha 1855, ali pa ulendo wake wopita ku Quelimane.

5. Kodi zamoyo za mumtsinje zimaoneka?

Zimaoneka kwa wodekha. Nkhwazi, mbalame imene ili pa mbendera ya Zambia, imakhala pa nsonga ya mtengo wouma, ndipo ikalira imaponya mutu kumbuyo. Akakowa amandanda m'mphepete mwa bango, nantchengwa amafufuza m'matope, ndipo mvuu zimatulutsa makutu ndi mphuno zokha pamwamba pa madzi. Mudzakumananso ndi asodzi m'mabwato awo osema, wina ataimirira kumbuyo ndi nkhafi, mnzake akukoka ukonde dzanja ndi dzanja, nsomba za mtundu wa chambo ndi milamba zikuphiriphitha pansi pa bwato. Afunseni mwaulemu, ndipo adzakuonetsani tinkhanu tachilendo totchedwa crayfish, tochokera ku Australia, timene tafalikira mumtsinjemu ndipo timadya nsomba zokodwa mu ukonde mwini wake asanafike. Koma iye wofuna kuona nyama yotchedwa lechwe, mphoyo ya m'madambo imene mtundu wake wa ku Kafue supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, akonze ulendo wina wautali wopita ku nkhalango zotetezedwa za Lochinvar kapena Blue Lagoon, pakuti maola atatu sakwanira.

6. Mwati mtsinjewu umamwetsa ndi kuunikira Lusaka. Zimenezi zimatheka bwanji?

Pafupi ndi mlatho wa galimoto pali malo opopera ndi kuyeretsera madzi otchedwa Iolanda, ndipo kuchokera pamenepo mipope ikuluikulu imakwera mtunda kunka ku Lusaka, kotero kuti gawo lalikulu la madzi a m'mipopi ya mumzindawo ndi omwewa amene boti lanu layandamapo. Kumunsi kwake mtsinje umagwera m'chigwembe cha mapiri, kumene kuli malo opangira magetsi a Kafue Gorge, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1971 ndipo lero amatha kutulutsa mamegawati 990. Kumunsi kwa amenewo anamanganso ena a mamegawati 750, amene anatsegulidwa onse m'chaka cha 2023. Ndipo kuti makinawo asasowe madzi m'chilimwe, damu la Itezhi-Tezhi linamangidwa kumtunda, nilitha m'chaka cha 1977, ndipo kuyambira pamenepo kusefukira kwa Kafue Flats, kumene Aila ndi Atonga ankadalira podyetsa ng'ombe zawo, sikutsatanso mvula yokha koma zitseko za damu. Namulondola woona mtima sadzakubisirani zilonda za mtsinjewu: namasupuni amene nthawi zina amaphimba madzi kufikira pa mizati ya milatho, chifukwa cha zonyansa ndi feteleza zotsikira mumtsinje, ndi tsoka la mu February 2025, pamene damu la zotsalira za mgodi linaphulika ku Chambishi, madzi a asidi nalowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi kufika mu Kafue, nsomba zosawerengeka nizifa kumtundako.

7. Nyengo yabwino ndi iti, ndipo tinyamuke nthawi yanji?

Kuyambira mu May kufikira mu August kumwamba kumakhala koyera ndipo dzuwa silipweteka, ngakhale m'mamawa pa madzi pamazizira kwambiri, kotero musaiwale chofunda. Mu October kumatentha koopsa. M'dzinja mtsinje umatambasuka ndi kukongola, koma mvula ya mabingu imadza modzidzimutsa. Dziwaninso kuti kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndipo mlendo wogula nsomba za mumtsinje m'miyezi imeneyo athandiza kuswa lamulo. Pa tsiku lenilenilo, nyamukani dzuwa likungotuluka, pamene asodzi akubwerera ndipo mbalame zili pa ntchito, kapena chakumadzulo ndithu, malinga mukocheze kusanade.

8. Za malipiro tipangane motani?

Panganani zonse phazi lisanaponde m'boti: maola angati, kufika pati, anthu angati, ndiponso ngati mafuta ali m'kati mwa mtengowo, pakuti mkangano wa pakati pa mtsinje ulibe wouweruza. Kunenerera mtengo si tchimo, koma kumbukirani kuti mafuta a injini ndi okwera mtengo, ndi kuti munthu amene wanyamula moyo wanu ndi wa ana anu pa madzi akuya ali ndi ana akenso omudikira kunyumba. Musamufinye kufikira atasowa chopita nacho kwawo, ndipo akakutumikirani bwino, muonjezereni kangachepe ndi dzanja lanu.

9. Kodi palibe choopsa?

Chilipo, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa okwanira munthu aliyense, ndipo muwavale, osati kuwakhalira. Musalole kuti anthu apitirire muyeso wa botilo, ngakhale wotsalayo akhale mlamu wanu. Woyendetsa akanunkha mowa, bwererani kumtunda osachita manyazi. Musaviike dzanja kapena mwendo m'madzi, pakuti ng'ona siichenjeza, ndipo musaumirize namulondola kuyandikira mvuu chifukwa cha chithunzi, makamaka ya mwana, popeza mvuu yokwiya imagubuduza bwato m'kuphethira kwa diso. Kusamba m'madzi odekha a m'mbali mwa bango kumadzetsa likodzo, ndipo madzulo udzudzu umachuluka. Tengani madzi akumwa anuanu, chipewa ndi malaya a manja aatali.

10. Tidzisunge bwanji pamaso pa eni malo?

Msodzi ali pa ntchito yake, sali pa chionetsero. Mupatseni moni poyamba, mumutche bambo kapena achimwene monga mwa msinkhu wake, ndipo musamujambule iye kapena amayi ochapa pa gombe musanapemphe; boti lanu lichepetse liwiro podutsa bwato, kuti mafunde asalimize. Pa milatho ndi pa malo opopera madzi funsani kaye ngati kujambula n'kololedwa. Botolo ndi pepala lililonse limene mwabwera nalo libwerere nanu kumtunda. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo mlendo wamwano amatsekera khomo alendo onse odza m'mbuyo mwake.

11. Tikatsika m'boti, m'tawunimo muli choona?

Ngati ola latsala, pemphani namulondola akuyendetseni ku Kafue Estates, dera limene linamangidwa dziko litalandira ufulu, kuti likhale mudzi wa antchito a mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia, fakitale ya feteleza imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970, ndi Kafue Textiles, imene makina ake oluka nsalu anadyetsa mabanja ambiri asanaleke kulira. Kufupi ndi mtsinje kulinso sukulu ya Kafue Boys, imene inayamba ngati sukulu ya mishoni ya Methodist, kumene anaphunzira Harry Mwaanga Nkumbula, mmodzi wa atsogoleri oyamba a nkhondo ya ufulu. Potsiriza dzerani pa msika, mugule nsomba m'nyengo yake, kuti ndalama yanu itsale m'manja mwa anthu a pamalopo.

12. Nanga ulendo waufupi chotere uli ndi phindu lokhalitsa?

Uli nalo, pakuti munthu sasamala chimene sanachione, ndipo mwana amene waona ndi maso ake kumene madzi a mumpopi wa kwawo amachokera, amene wamva kwa msodzi mmene nsomba zikucheperachepera, sadzataya zinyalala mu ngalande mosalingalira monga kale. Chifukwa chake, inu makolo, aphunzitsi ndi akulu a mipingo a ku Lusaka ndi madera ozungulira, musayese kuti kuona dziko ndi mwayi wa alendo a kunja okha: sonkhanani ndalama, funani namulondola wa ku Kafue komweko, mumulipire moyenera, ndipo mupite ndi ana anu akaudziwe mtsinje umene umawasunga ndi moyo.