Mzere wa malipiro a tiyi: mayankho kwa omvera a ku Chimaliro

Malipiro a munthu wotchola tiyi angathe kujambulidwa pa galafu. Mzere wogona umasonyeza makilogalamu a masamba amene akwera pa sikelo, ndipo woimirira umasonyeza ndalama. Makalata atatu ochokera ku Chimaliro m'boma la Thyolo afunsa za kawerengedwe ka galafu yotere. Ndalama zonse zotchulidwa m'mayankhowa ndi zachitsanzo chabe.

Funso loyamba lachokera kwa wophunzira wa Fomu 3: mu y = mx + c, kodi m ndi c amatanthauzanji pa nkhani ya malipiro?

Yankho: c, amene kusukulu amamutcha intercept, ndi pamene mzere wayambira, kutanthauza ndalama imene munthu amalandira m'dengu musanalowe tsamba ngakhale limodzi. Koma m, yemwe ndi gradient, ndi kukwera kwa mzerewo: ndalama imene kilogalamu iliyonse imawonjezera. Wolandira K3,000 patsiku ndi K50 pa kilogalamu ali ndi c wa 3,000 ndi m wa 50. Wina wolandira K100 pa kilogalamu basi ali ndi mzere woyambira pa ziro koma wokwera msanga. Mizere iwiriyi imakumana pa makilogalamu 60, pomwe onse alandira K6,000. Pa makilogalamu 30 woyambayo apeza K4,500, mnzakeyo K3,000. Pa makilogalamu 80 zinthu zatembenuka, K7,000 kwa K8,000. Choncho m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo pomwe tiyi amaphuka kwambiri, gradient ndiye amadyetsa banja. M'chilimwe masamba akachepa, chimene chimapulumutsa ndi intercept.

Funso lachiwiri ndi la mayi wogwira ntchito pa esiteti: bwanji tsiku limene atchola makilogalamu 30 ndi limene atchola 40 ndalama yake imafanana?

Yankho: funsoli ndi lofunika kwambiri, chifukwa likuonetsa kuti mzere wa m'buku ndi wa kumunda amasiyana. M'maesiteti ambiri muli malipiro okhazikika a tsiku omangidwa pa mlingo wa makilogalamu, ndipo bonasi imayamba munthu akapyola mlingowo. Galafu yake ndi yopindika: imagona kaye, kenaka imakwera. Malipiro akakhala K4,000 mpaka makilogalamu 45 ndi K60 pa kilogalamu iliyonse yoposerapo, gradient ndi ziro m'chigawo choyamba ndi 60 m'chachiwiri. Kumupeza n'kosavuta. Makilogalamu 55 apereka K4,600, ndipo 65 apereka K5,200; kusiyana kwa K600 kukagawidwa ndi makilogalamu 10, yankho ndi 60. Pali msampha pamenepa. Chigawo chokweracho chikatalikitsidwa chobwerera m'mbuyo ndi rula, chimakadula mzere woimirira pa K1,300, ndalama imene palibe amene amailandira. N'chifukwa chake wantchito aliyense ayenera kudziwa zinthu zitatu: malipiro a tsiku, mlingo, ndi mtengo wa kilogalamu yoposerapo. Bungwe la Tea Association of Malawi ndi la ogwira ntchito m'minda la PAWU adasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro mu 2016, ndipo pa zokambirana zotere kukweza malipiro a tsiku kumathandiza aliyense, pomwe kukweza bonasi kumapindulira okhawo opyola mlingo.

Funso lachitatu ndi la mlimi wamng'ono amene amagulitsa masamba ake kufakitale: kodi mzere ungayambire pansi pa ziro?

Yankho: inde. Mlimi amene watenga feteleza wa K40,000 pa ngongole yodzadulidwa pogulitsa ali ndi intercept ya -40,000. Kilogalamu ikamagulidwa K200, makilogalamu 200 oyamba amathera kubweza ngongoleyo, ndipo pamenepo ndi pomwe mzere umadula mzere wogona. Phindu limayambira pa kilogalamu ya 201. Mtengo utakwera kufika pa K250, mzere ungakwere msanga ndipo ngongole ingathe pa makilogalamu 160.