Kodi cmdlet ingalandire bwanji zida zake kuchokera kunja?

Funso: Akatswiri, ndikulemba module ya PowerShell mu C# yosunga mitengo ya nandolo ya kalabu yathu ya alimi. Netiweki ikadula ndimafuna izisunga pa laputopu, ikabwera izitumiza pa seva. Ndayesa dependency injection koma cmdlet ikukana. Ndalakwa pati? *Wowerenga wa kwa Chiwalo, Phalombe*

Yankho: Achimwene, maganizo anu ali bwino. Mwini chigayo salima chimanga, amagaya chimene mwabwera nacho, kaya ndi chamakolo kaya ndi chahaibulidi. Dependency injection ndi chimodzimodzi: cmdlet isadzipangire yokha chosungira, izichita kupatsidwa.

Pamene pakuvuta ndi apa. Amene amadzutsa cmdlet ndi PowerShell mwini wake, ndipo amafuna constructor yopanda kanthu m'kati. Mukaikamo zofunika zanu, imakana.

Choncho lembani interface imodzi, mwachitsanzo ISungaMitengo, ndi makalasi awiri oitsatira: ina ya fayilo, ina ya seva. Pogwiritsa ntchito Microsoft.Extensions.DependencyInjection, mangani ServiceProvider kamodzi kokha mu OnImport ya IModuleAssemblyInitializer, imene imayenda module ikamalowa. Kenaka cmdlet itenge chosungira chake kuchokera ku ServiceProvider imeneyo mu BeginProcessing. Cmdlet ikhale yopepuka, ntchito yeniyeni ikhale m'makalasi, kuti poyesa muziikapo chosungira chongoyerekeza.

Chenjerani ndi ma DLL. Module ina ikakhala italowetsa kale DLL yomweyo ya version ina, zimagundana. Mu PowerShell 7, imene inatuluka mu 2020, AssemblyLoadContext yanuyanu imathetsa mkanganowu. Windows PowerShell 5.1 ilibe zimenezi, ndiye yambani mwaona imene ili pa laputopu yanu.