Zoyenera Kuchita Khungu Likatuluka Chilonda kwa Munthu Woikidwa Impso

Amalawi amene anaikidwa impso ya munthu wina, ambiri mwa iwo ku India, amamwa tsiku ndi tsiku mankhwala monga tacrolimus ndi prednisolone, omwe amafooketsa chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisakane chiwalo chachilendocho, ndipo mabakiteriya amene sadwalitsa anthu ambiri amapezerapo mpata.

Choyamba, wodwala adziwe kumene tizilomboti timakhala. Nocardia amakhala m'dothi ndipo amalowera pa bala la khasu kapena minga, choncho polima kudimba avale nsapato ndi magolovesi. Mycobacterium marinum, wachibale wa kachilombo ka TB, amalowa munthu akabayidwa ndi munga wa nsomba pokonza ndiwo, pamene Bartonella amafala ndi zikhadabo za mphaka wa nthata.

Chachiwiri, aziyang'ana khungu lonse posamba. Kachotupa kolimba kosamva mankhwala, timatuza totsatizana kukwera mkono, kapena tizotupa tofiira totuluka magazi tikakhudzidwa, zonsezi n'zofunika dokotala ngakhale thupi lisatenthe, pakuti prednisolone amabisa kutentha thupi ndi ululu womwe.

Chachitatu, asafinye chotupacho, asatemerepo mphini, ndiponso asagule makapisozi pagolosale, chifukwa mankhwala ongolota amasokoneza zotsatira za kulabotale pamene matenda akulowerera.

Chachinayi, apite kuchipatala chachikulu monga Kamuzu Central Hospital atanyamula buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, ndipo anene poyera kuti anaikidwa impso. Apa m'pamene pagona nkhani, popeza maso okha amanamiza: zotupa za Bartonella zimafanana ndi khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi, yomwe madokotala a m'Malawi amaiona kawirikawiri, ndipo chosiyanitsa ndi kudula kachidutswa ka khungu n'kukakapima. Mabakiteriya ena amatenga milungu ingapo kuti amere mulabotale, choncho wodwala asatope kufunsa zotsatira.

Pomaliza, amalize mankhwala ngakhale chilonda chipole msanga. Nocardia amafuna miyezi 6 mpaka 12, kawirikawiri ndi Bactrim, chifukwa amatha kufika m'mapapo ndi mu ubongo. Rifampicin, mankhwala a TB, amachepetsa kwambiri tacrolimus m'magazi moti thupi likhoza kukana impso ija, choncho asayambidwe kapena kusiyidwa popanda dokotala wa impso kudziwa.