Kalata ya ku Park Station: makina a mijigo ndi madzi otentha a ku Chiweta

Woulutsa: Kalata yathu lero yachokera ku Joni. Alemba ndi bambo ena a ku Rumphi amene akhala akuboola miyala m'migodi ya golide. Akuti alemba ali pa Park Station, akudikira basi ya kumudzi. Funso lawo ndi ili: "Ndapeza makina okumbira mijigo ogwirapo kale ntchito, mtengo wake wabwino. Ndikawatumiza kwathu, angaboole pa akasupe otentha a ku Chiweta kuti tipeze nthunzi yopangira magetsi?"

Katswiri: Bambo, maganizo anuwo ndawakonda, koma ndalamazo zigwireni kaye. Makina a mjigo amagogoda mwala ndi mphepo ya kompuresa, ndipo mijigo yathu yambiri siifika n'komwe mamita 100. Ku Olkaria m'dziko la Kenya, kumene anayamba kupanga magetsi a nthunzi mu 1981, zitsime zimatsika mamita 2,000 mpaka 3,000.

Chimene chimandiopsa ine si kuyako ayi. Pansi penipeni madzi amatentha kuposa madigiri 100 koma osawira, chifukwa apanikizika. Mukangowatsegulira njira amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, n'kutumphuka ngati mphika wa nyemba wovundukulidwa mwadzidzidzi, ndipo woima pakamwa pa dzenje amapsa. N'chifukwa chake pamafunika chotsekera champhamvu chotchedwa blowout preventer, mapaipi achitsulo omatidwa ndi simenti mpaka pamwamba, ndi pampu yozunguza matope oziziritsa dzenje. Makina a mjigo zimenezi alibe.

Woulutsa: Nanga bambowa agule chiyani?

Katswiri: Chida choyenera akuchidziwa kale. Ndi makina aja ofufuzira miyala m'migodi, okhala ndi mano a dayamondi, amene amatulutsa mwala wobulungira, wautali, n'kuundanda m'mabokosi. Amaboola dzenje lopapatiza lopitirira mamita 1,000 pa mtengo wotsikirapo kwambiri poyerekeza ndi chitsime chachikulu. Mwalawo umaonetsa ming'alu imene madzi amadutsamo, ndipo m'dzenjemo mumatsitsa choyezera kutentha.

Kuyezako musakudumphe. Ku Kapisya m'dziko la Zambia, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, boma la Italy linathandiza kuika makina awiri a magetsi m'zaka za m'ma 1980. Zitsime zinali zosaya, madzi sanatenthe mokwanira, makinawo anangokhala osagwira ntchito. Zimandiwawa ndikaganiza kuti zoterezi zingachitikenso kwathu. Kasupe wa ku Chiweta amatentha pafupifupi madigiri 80, koma pamene madzi akutulukira si pamene pali gwero lake. Akatswiri a miyala ayambe apima nthaka ndi madziwo, boma lipereke chilolezo, makina abwere pambuyo.

Tsono bambo, musanakwere basiyo, bwererani kwa wogulitsayo mukamufunse zinthu ziwiri: makina mwapezawo anganyamule ndodo zoboolera zotalika mamita angati, ndipo pansi pake pali mpata woikapo chotsekera chija? Akayamba kuzungulira, asiyeni. Ngati a mjigo aja mwawakonda, kawakumbireni anthu madzi akumwa ku Rumphi, ntchito imeneyo aigwira bwino.