Luso Loponya Chimbale Patali pa Masewera a Ultimate Frisbee

Masewera a ultimate frisbee adayambira pa sukulu ya Columbia High School ku Maplewood, New Jersey, m'chaka cha 1968. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 7 pa bwalo la mamita 100 m'litali ndi 37 m'lifupi. Wogwira chimbale saloledwa kuthamanga nacho, ndipo chigoli chimapezeka mnzake akachiwakha m'chigawo cha mamita 18 chakumapeto kwa bwalo. Choncho timu yopanda woponya patali imapanikizika msanga, pakuti otchinga amangounjikana pafupi, podziwa kuti kumbuyo kwawo sikugwa kanthu.

Ongoyamba kumene amayesa kuti mtunda umadalira nyonga za mkono. Chimbale chimalemera magalamu 175 okha, ndipo chimene chimachikhazika bwino m'malere ndi kuzungulira kwake. Chikaponyedwa mwamphamvu koma osazungulira mokwanira, chimagwedera, kupendekeka, n'kugwa posachedwa.

Pa kaponyedwe kotchedwa backhand, zala zinayi zimapindira kunsi kwa mkombero, chachikulu chili pamwamba. Woponya ndi dzanja lamanja apondetse phazi lamanzere osalisuntha, aponde ndi lamanja chopingasa, ndipo apotoloke mpaka msana utatsala pang'ono kuloza kumene chimbale chikupita. Pobwerera, chiuno chitsogole, phewa litsatire, kenaka mkono. Pomalizira penipeni dzanja likwapule ngati chikoti, chifukwa ndipamene pamachokera kuzungulira. Chimbale chidutse pachifuwa mowongoka, ndipo mkono upitirire ngakhale chitachoka kale.

Cholakwika chofala ndi kudzutsa mphepete yakutsogolo. Zikatero chimbale chimakwera, kuima m'mwamba, n'kugwera m'manja mwa otchinga. Mphepeteyo ikhale yogona, pamene mbali yotalikirana ndi dzanja iweramire pansi pang'ono, popeza chimbale chaliwiro chimadziwongola chokha. Poponya moyang'anizana ndi mphepo chiyende chamunsi. Mphepo ikakhala kumbuyo chikwezedwe pang'ono. Nthawi zonse chilunjike pamalo opanda munthu, patsogolo pa mnzake amene akuthamanga.

Aphunzitsi a zamasewera ndi atsogoleri a magulu a achinyamata safunika zipangizo zambiri: bwalo la mpira ndi chimbale chimodzi n'zokwanira. Osewera ayambe atenthetsa mapewa kuti asavulale, kenaka aime awiriawiri motalikirana mamita 15. Aonjezere mamita 5 pokhapokha akaponyerana kakhumi motsatizana chimbale osagwedera.