Laputopu Yotseka Ifunanso Mpweya

Laputopu ndi kompyuta yaing'ono imene imapindika ngati buku. Masiku ano ipezeka ndi aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndiponso anyamata osindikiza makalata m'misika. Sikirini yake ndi yaing'ono ndipo imakhala m'munsi, kotero munthu amawerama tsiku lonse, madzulo n'kumadandaula khosi ndi msana. Pofuna kupewa zimenezi ena amalumikiza laputopu ku monita, ndiye kuti sikirini yaikulu yapayokha, ndi chingwe cha HDMI, naitseka laputopuyo. Nzeru imeneyi ndi yabwino, makamaka pamwamba pa monitayo pakalingana ndi maso. Koma laputopu yotsekayo imakhala ili pa ntchito ndithu, ndipo imatentha.

Kodi kutenthako kumachokera kuti? M'kati mwa laputopu muli kachipangizo kotchedwa purosesa, kamene kamasenza ntchito yonse. Kapaipi ka mkuwa kamatenga kutentha kwa purosesayo n'kupita nako ku tizitsulo topyapyala, ndipo fani amatiuzira mphepo. Mpweya wozizira umalowa pa timabowo ta kunsi, wotentha umatuluka m'mbali kapena kumbuyo, pamene laputopu imapindikira. Kutentha kwina kumatulukira pa kiyibodi, ndipo malaputopu ena amakokeranso mpweya pomwepo. Munthu akatseka laputopu watseka njira imeneyi, tsono njira zotsalazo ziyenera kukhala zoyera.

Purosesa imadziwa kudziteteza. Ikayandikira madigiri 100 imachepetsa liwiro yokha, ndipo kutentha kukapitirira imazimitsa kompyuta. Chimene chimavutika mwakachetechete ndi batire, pakuti kutentha kumalikalambitsa msanga. Kampani ya Apple imalangiza kuti malaputopu ake azigwira ntchito pa malo amene kutentha kwake kuli pakati pa madigiri 10 ndi 35. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana mumakhala ngati m'ng'anjo. Pa nthawi yotere ndi bwino kungoitsekula laputopuyo, ngakhale munthu akuyang'ana pa monita.

Laputopu yotseka ikhale pa tebulo kapena pa thabwa louma. Pa matiresi, pa pilo ndi pa nsalu ayi, chifukwa zimenezi zimatseka timabowo ta kunsi. Timatabwa tiwiri toika m'mbali mwake tikwanira kuitukula pang'ono kuti mphepo izidutsa. Ena amaiimika chilili pa kachoimikira, ndipo njira imeneyi ithandiza kwambiri makina opanda fani, monga MacBook Air imene inatuluka kumapeto kwa 2020, imene imataya kutentha kudzera m'thupi lake la aluminiyamu. Woimikayo aonetsetse kuti mbali yotulukira mpweya sinatsamire tebulo kapena khoma. Amayi aukhondo amakonda kufunditsa zipangizo ndi kansalu kuopa fumbi. Kansaluko kadikire mpaka kompyuta itazima. Monita ndi mabuku zisasanjikidwe pamwamba pake. Fumbi la m'timabowo lichotsedwe ndi burashi yofewa makina atazimitsidwa.

Laputopu ikatsekedwa imagona yokha, pokhapokha mwini wake ataiuza kuti isatero. MacBook ifuna chaja, kiyibodi ndi mausi zapadera, basi. Pa kompyuta ya Windows munthu alowe mu Control Panel, kenaka Power Options, nasankhe mawu akuti "Choose what closing the lid does". Pamenepo pali mizere iwiri, wina wa "On battery", wina wa "Plugged in". Mawu akuti "Do nothing" asankhidwe pa mzere wa "Plugged in" wokha. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amasankha mizere yonse iwiri, ndipo tsiku lina amatseka laputopu, kuilonga m'chikwama, n'kukwera njinga poganiza kuti yagona. Iyo imakhala ikuyaka m'chikwamamo mopanda mpweya, ndipo pofika kumene akupita imakhala yosagwirika. Wonyamula laputopu pa ulendo aizimitse kaye, aone kuti timagetsi tonse tathima, ndiye ailonge.

Laputopu yokhala pa chaja masiku onse batire lake limangokhala lodzaza, ndipo batire lodzaza likamatenthedwa limatha msanga koposa. Makampani monga Lenovo, ASUS ndi Dell anaika m'makina awo ambiri njira yoletsa batire kudzaza mpaka kukamwa. Pa ambiri limaima pa 80 peresenti. Woigwiritsa ntchito pa tebulo nthawi zonse achita bwino kuyatsa njira imeneyi.

Batire lotopa nthawi zina limatupa. Zizindikiro zake ndi izi: kiyibodi kapena malo oyendetsapo chala amatukuka, laputopu imakana kutsekeka bwino, kapena imagwedera pa tebulo losalala. Amene laputopu yake imangokhala chitsekere saona msanga zimenezi, n'chifukwa chake ayenera kumaitsekula kamodzi pa sabata ndi kuiyang'ana. Akapeza kuti batire latupa aizimitse, achotse chaja, ndipo apite nayo kwa mmisiri. Asalikanikize, asaliboole, asaliponye pa moto kapena kudzala kumene ana amatola zinthu, pakuti batire lotere limatha kuyaka ndipo utsi wake ndi woipa m'mapapo.