Dziwani ufulu wanu: msilikali wa Commonwealth akavula yunifolomu ku Britain

Gulu lankhondo la Britain limalemba ntchito achinyamata ochokera m'maiko a Commonwealth, monga Fiji, Ghana ndi Malawi. Ena anakamenya nkhondo ku Iraq ndi Afghanistan, koma atasiya usilikali anadzidzimuka kumva kuti alibe chilolezo chokhala m'dziko lomwe analikhetsera thukuta.

Lamulo limalola amene watumikira zaka 4 kupempha chilolezo chokhazikika. Chopinga chinali ndalama: mapaundi 2,389 munthu mmodzi. Bambo wokhala ndi mkazi ndi ana awiri ankafunika mapaundi pafupifupi 10,000. Bungwe la Royal British Legion linadzudzula boma mwamphamvu, ndipo mu 2020 asilikali akale 8 a ku Fiji anakamang'ala kukhoti, ngakhale mlandu sunawakomere.

Kuyambira mu Epulo 2022, amene watumikira zaka 6, kapena wapumitsidwa chifukwa chovulala kapena kudwala pantchito, salipiranso. Koma kusinthaku kunasiya kunja banja lake, ndipo odzudzula anati n'kulanga ana a munthu amene anaika moyo wake pachiswe.

Chilolezocho sichibwera chokha. Msilikaliyo ayenera kukachipempha ku unduna woona za m'dziko wa Home Office pasanathe zaka 2 atasiya ntchito.